Ziwiri pa Khumi

1. Kiyi wa chipinda chakumapeto

Sukulu yonse inkamutchula Kachoko. Dzinali linabwera chifukwa siketi yake ya yunifolomu inkakhala ili mbuu tsiku lililonse. Aphunzitsi akangotuluka, iye ankathamangira kubolodi kukafotokozera anzake masamu. Anali mu Fomu 3, ndipo mutu wake unkagwira. Vuto linali limodzi lokha: iye mwini ankadziwanso kuti mutu wake umagwira.

Gulu la achinyamata la pasukulupo litaganiza zoyambitsa kalasi ya akuluakulu ofuna kudziwa kuwerenga ndi kulemba, palibe anadabwa kuti Kachoko ndi amene anayamba kukweza dzanja. Ahedi, mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu, anamuitanira mu ofesi mwawo kiyi ali m'manja.

"Chipinda chakumapeto chija muzichigwiritsa ntchito Loweruka lililonse masana," anatero Ahedi. "Koma ophunzira akachepera khumi, kiyi abwerere kuno, ndikasungiremo madesiki othyoka. Tsono undimvetsere bwino, mtsikana iwe. Anthu ukukawaphunzitsawa si ana a Sitandade 1. Ena mwa iwo anakusambitsapo uli khanda. Munthu wamkulu akamalowa m'kalasi amakhala atasiya ntchito yake, ndipo wadutsa pamsika kope lili m'manja, anthu akumuyang'ana. Si chinthu chapafupi chimenecho. Akalakwitsa, usathamangire kuwakonza ngati pali amene akukuthamangitsa. Uziyamba wawafunsa chimene abwerera. Wamva?"

"Ndamva, Madamu," anayankha Kachoko.

Kunena zoona, pa mawu onsewo iye anatolapo awiri okha: kiyi ndi khumi.

2. Cholembera chofiira

Loweruka loyamba kunabwera anthu khumi ndi anayi. Amene anawasonkhanitsa anali azakhali ake a Kachoko, mlongo wa bambo ake, telala wosokera pakhonde la sitolo ya zitsulo pafupi ndi msika. Azakhaliwo akalankhula, msika wonse unkamva ngakhale makina awo akulira. Anakoka wometa, mayi wa tomato, bambo wokonza njinga ndi ena ambiri, uku akuwauza kuti, "Tiyeni, mphunzitsi wake ndi mwana wa achimwene anga. Akatizunza ndimukoka khutu."

Kachoko anaphunzitsa monga momwe iye ankaphunzitsidwira. Anagula cholembera chofiira. Analamula kuti poyankha funso munthu aziimirira. Bambo wokonza njinga, wa imvi kale, ankaimirira mawondo akulira, n'kuyankha kuti "a, e, i, o, u," kenako n'kukhala pansi akupukusa mutu.

Mawindo a chipindacho analibe makatani. Ana osewera mpira pabwalo la sukulu sanachedwe kuzindikira kuti muli zoonera zaulere. Ankadzadza pamawindo, zibwano zili pamafelemu, kuonerera agogo awo akuimba zilembo. Kachoko sankawathamangitsa. Mumtima mwake ankasangalala kuti pali omuona akuphunzitsa.

Loweruka lachinayi anapereka mayeso. Anatchula mawu khumi, monga galu, mphaka, mtengo ndi ena otero, kuti aliyense alembe. Anachonga mapepala pomwepo ndi cholembera chake chija, kenako anaima kutsogolo monga amachitira aphunzitsi ake a masamu.

"Ndiyambira wapamwamba kutsika m'munsi," analengeza. "Abambo ometa, zisanu ndi zitatu pa khumi. Tiwaombere m'manja!"

Anthu anaomba. Anapitiriza kutsika, ndipo m'manja munayamba kuchepa mphamvu. Pomaliza m'dzanja lake munatsala pepala limodzi, lofiira psuu.

"Azakhali, ziwiri pa khumi. Aaa, Azakhali, chonchi ayi. Kunyumba mumagwirako kope koma?"

Kenako pawindo kamwana kena kanaphulika kuseka. "Ziwiri!" Anzake anakalandira. "Ziwiri! Ziwiri! Atelala ziwiri!"

Azakhali sanakoke khutu la munthu. Anaimirira pang'onopang'ono, anatenga pepala lawo, analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama. Anatuluka osayang'ana m'mbuyo. Mayi wa tomato anawatsatira, kenako wokonza njinga, kenako ena onse. Ngakhale wometa uja, mwini zisanu ndi zitatu, anatuluka atawerama ngati walephera ndi iye.

3. Mitu itatu

Loweruka lotsatira kunabwera anthu atatu okha. Ahedi anasuzumira pakhomo, anawerenga ndi maso, n'kumukodola Kachoko kuti atuluke panja.

"Chachitika n'chiyani?"

"Anthu ake ndi aulesi, Madamu. Mayeso amodzi okha athawa."

"Aulesi?" Ahedi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Anthu amene amatsegula msika iwe usanatembenuke pabedi? Sankha bwino mawu, mwanawe. Ndikupatsa Loweruka limodzi. Ndibwera ndekha kudzawerenga mitu. Ikachepera khumi, madesiki othyoka akulowa."

Tcheyamani wa gulu la achinyamata, mnyamata wa Fomu 4 wochenjera ngati ali ndi mitu iwiri, anamva zonsezo. Ahedi atachoka anamuyandikira Kachoko.

"Usadandaule, aise. Nkhani yaing'ono iyi. Titenga alonda awiri, ophika anayi ndi amalume anga, onse odziwa kale kuwerenga. Adzakhala pamadesiki mphindi khumi, Madamu akawerenga mitu azipita. Kiyi akhala wathu."

"Nanga anthu anathawa aja?"

"Asiye. Anathawa okha."

Kachoko anayamba kukopeka. Nzeruyo inali yokoma kuimva, ndipo inalibe thukuta. Koma Lolemba akuweruka anadutsira kumsika, ndipo ali chapatali anamva ana atatu akuthamanga kudutsa pasitolo ya zitsulo akufuula kuti, "Ziwiri! Ziwiri!" Anaona azakhali ake atawerama pamakina, akupalasa ngati sakumva. Mayi amene msika wonse unkamuopa pakamwa anali chete chifukwa cha iye. Manyazi anamugwira Kachoko, ndipo m'malo mokhotera kwawo analunjika pakhondepo.

4. Pakhonde la telala

"Mwaswera bwanji, Azakhali?"

"Taswera. Ima pamenepo, ndili ndi kasitomala."

Kasitomalayo anali mayi wathupi ndithu, wofuna diresi. Azakhali anamuzunguliza tepi pachifuwa, m'chiuno ndi m'mapewa, uku akumufunsa za ana ake. Akayeza, ankaika chikhadabo patepi, n'kutembenukira kukhoma, n'kumanga mfundo pa kachingwe kamene anang'amba pa nsalu ya mayiyo. Mayi uja anapita akuseka.

"Wamva nambala ya m'chiuno mwa amayi aja?" anafunsa Azakhali.

"Ayi, sindinamve."

"Koma unaima pompano, pafupi ngati tepi yangayi."

"Simunaitchule, Azakhali."

"Eya, sindinaitchule." Azakhali anakhala pampando wawo n'kukankhira magalasi pamphumi. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pakhonde pano. Ndayeza ziuno za anthu onse odutsa mumsewu uno, aphunzitsi ako omwe, akazi a mabwana, abusa. Ndikudziwa amene mimba ikukula, ndikudziwa amene akuwonda ndi matenda asanauze abale ake. Unandimvapo tsiku limodzi ndikufuula kuti, 'Tamverani kuno, amayi awa m'chiuno fote-sikisi'? Nditatero, mawa lake pano pangabwere ndani? Munthu akakweza manja kuti umuyeze, wakukhulupirira. Nambala imene waipezayo ndi yoti ikuthandize iweyo kudziwa podula nsalu. Si ya anthu odutsa."

Kachoko anayang'ana pansi.

"Ifetu tinakweza manja, mwana wa achimwene. Tinati tiyeze, uone pamene taperewera. Iwe unatiyeza n'kukwera pachulu. Ine zoti sindidziwa kulemba ndimazidziwa kuyambira iwe usanabadwe, sindinkafunika wondikumbutsa. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu kuti ndizilera bambo ako amayi athu akudwala. Sindinadandaulepo. Koma lero tiana tosadziwa kupukuta mamina tikundiimba mumsewu, ndipo nyimbo yake unapeka ndiwe."

Anatambasula dzanja n'kuchotsa pa msomali mtolo wa tizingwe tansalu, tamitundumitundu, tili ndi mfundo zambirimbiri.

"Ili ndi buku langa. Kachingwe kalikonse ndi munthu. Ndikaona mtundu wa nsalu ndimadziwa mwini wake, ndikawerenga mfundo ndimadziwa muyeso. Silinandinamizepo. Koma mwezi wamawa sukulu ya mkaka ikundipatsa mayunifolomu a ana makumi atatu, onse nsalu imodzi, yabuluu. Tizingwe makumi atatu tofanana! Ndidzadziwa bwanji kuti aka ndi ka mwana uti? Ine ndinabwerera mayina, kuti ndizilemba dzina pa kapepala n'kumata. Iwe ukundilembetsa galu ndi mphaka. Mphakayo ndimusokere yunifolomu?"

Kachoko anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola. Anagwada pasimenti pakati pa tizidutswa tansalu.

"Ndinalakwa, Azakhali. Sindinakufunseni chimene munabwerera, ndipo ndinakuchititsani manyazi. Pepani. Ndagwira mwendo wanu."

"Dzuka, iwe, ukundiitanira anthu. Aziti ndamenya mwana wasukulu." Mawu awo anali atafewa pang'ono. "Ine ndamva. Koma usaganize kuti ndikakukokeranso anthu. Ulendo woyamba ndinayenda ine. Uno uyenda wekha, kwa aliyense, pantchito pake. Ena akakutukwana, ndipo ukameze. Ukawafunse chimene akufuna kudziwa, ndipo pakamwa pakopo ukatseke mpaka amalize kuyankha."

"Nanga inu mudzabwera Loweruka?"

"Ndiona mmene mwendo wanga udzadzukire," anatero Azakhali, n'kuyambanso kupalasa makina.

5. Ulendo wopepesa

Sabata imeneyo Kachoko anaudziwa msika kuposa mmene ankaidziwira bolodi. Akaweruka ankatenga kope latsopano ndi pensulo. Cholembera chofiira anachisiya kunyumba.

Wometa anamupeza akusesa tsitsi. "Ine zisanu ndi zitatu zija sizinandikomere," anatero. "Ndikanakondwa bwanji anzanga akulira? Chimene ndimafuna ine n'chakuti mwana wanga akanditumizira uthenga pafoni, ndiziwerenga ndekha. Panopa amandiwerengera ndi makasitomala, ndiye nkhani za kunyumba kwanga zimafika kudepoti ine ndisanazimvetse."

Mayi wa tomato anatulutsa kabotolo ka mankhwala a mwana wake. "Adokotala amanena mofulumira, ndikafika kunyumba ndaiwala. Palembedwa apa, koma kwa ine ndi nyerere chabe. Ndiphunzitse izi, mwanawe, za agalu zija ayi."

Bambo wokonza njinga sanadzutse n'komwe mutu pa tayala limene ankamata. "Mawondo angawa si oseweretsa. Ndili ndi zidzukulu zazikulu kuposa iwe, ndiye ndiziimirira kuti ndinene 'u'? Pita, ndili pantchito."

"Simudzaimiriranso, Agogo. Ndinalakwitsa ndine."

"Ndati pita."

Kachoko anapita. Lachinayi anabweranso, anakhala pa chitini chogadabuza, n'kumawapatsira sipanala osalankhula. Patapita nthawi bamboyo anamuponyera kabokosi ka zitsulo za njinga. "Palembedwa chiyani apo? Anyamata a m'sitolo amandipatsa zolakwika dala." Kachoko anawerenga, ndipo bamboyo anangoti, "Hmm."

Si onse amene anamulandira. Mayi wina anamuuza kuti mwamuna wake atamva za nyimbo ya ana ija anamuletsa kupondanso pasukulu. Bambo wina anabisala kuseri kwa matumba a makala mpaka Kachoko atadutsa, miyendo yokha ikuoneka. Kachoko anawawidwa mtima, koma analibe womuloza chala.

Lachisanu madzulo akudutsa pasitolo ya zitsulo, Azakhali anamuponyera chimtolo chansalu. Atafika kunyumba anachimasula. Anali makatani anayi, osokedwa ndi tizidutswa totsala, aliyense wa muyeso wa windo la chipinda chakumapeto. Kuti Azakhali anakayeza liti mawindowo, Kachoko sanadziwe.

6. Kuwerenga mitu

Loweruka Kachoko anafika msanga. Anapachika makatani ndi waya, anakoka madesiki kuti ayang'anane, ndipo mpando wake anauika pakati pa ophunzira. Pa desiki iliyonse anaikapo kapepala ka mawu ochokera ku ntchito ya mwini wake.

Atatu okhulupirika aja anafika. Kenako wometa ndi mnzake, kenako mayi wa tomato atakoka mnansi wake. Wokonza njinga analowa akung'ung'udza kuti wangobwera kudzaona makatani. Anakwana asanu ndi atatu.

Ana a mpira anabwera pamawindo, anapeza nsalu, anabwerera ku mpira wawo ali okhumudwa.

Kenako panja panamveka mawu odziwika. "Tandipatsani njira, a ziwiri pa khumi afika!" Azakhali analowa chikwama chili m'khwapa, ndipo kalasi yonse inaseka chikhakhali, iwo omwe akutsogolera. Mtima wa Kachoko unakhala m'malo pang'ono. Anawerenganso: asanu ndi anayi.

Ahedi anatulukira pakona ya ofesi akuyenda mosathamanga. Tcheyamani uja anathamangira kwa Kachoko n'kumunong'oneza. "Watsala mmodzi yekha! Alonda ali apo pageti, ndiwakodole? Mphindi ziwiri zokha."

Kachoko anayang'ana kugeti, kenako anayang'ana anthu asanu ndi anayi aja, amene anasiya ntchito zawo n'kudutsanso pamsika makope ali m'manja.

"Ayi. Alonda amadziwa kuwerenga. Asiye alondere."

"Ndiye wataya kiyi dala!"

Ahedi atafika pakhomo, Kachoko sanadikire kuti awerenge. Anatulutsa kiyi m'thumba la siketi.

"Alipo asanu ndi anayi, Madamu. Enawo ndinawathamangitsa ndine, si ulesi wawo. Kiyi ndi uyu. Koma ndikupempha mutilole tiziphunzirira pansi pa mtengo."

Ahedi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kumbuyo kwawo munthu anatsokomola. Anali bambo wovala ovolosi, nsapato zili mbuu ndi simenti, chipewa atachikwinya m'manja. Kachoko anangoti kakasi. Anali bambo ake, mmisiri womanga nyumba.

"Ababa, kunyumba n'kwabwino?"

"N'kwabwino." Bamboyo ankayang'ana pansi. "Mlongo wangayu wandiuza kuti muno anthu sakuonereranso pawindo. Ndiye ndimati... kaya malo alipo?"

Kachoko sanamvetse msanga. Si bambo ake omwewa amene ankatenga lipoti lake teremu iliyonse, kuliyang'ana nthawi yaitali, kugwedeza mutu n'kusaina pansi pake? Anatembenukira kwa Azakhali, ndipo Azakhali anali kalikiliki kusongola pensulo yosongoka kale.

"Khumi," anatero Ahedi. Anagwira dzanja la Kachoko n'kulipinda kuti kiyi akhalebe momwemo, ndipo anabwerera ku ofesi kwawo.

Palibe anaomba m'manja, palibe anaseka. Wokonza njinga anangosendera kumbali kuti mmisiri akhale. Kachoko anatenga kope lake, n'kukagwada pafupi ndi desiki ya bambo ake. Anafunsa motsitsa mawu funso lomwe anafunsa onse sabata imeneyo.

"Ababa, inu mukufuna kudziwa chiyani?"

Bamboyo anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa n'kutulutsa envelopu yakhaki, yokwinyika, yosatsegula.

"Anandipatsa munthu wa njinga yamoto kuntchito, masabata awiri apitawo. Usandiwerengere, mwana wanga. Zowerengeredwa ndatopa nazo. Imeneyi ndikufuna ndidzaiwerenge ndekha, kaya zitenga miyezi ingati."

Anaiika padesiki n'kuiwongola ndi chikhatho. Maso a Kachoko anagwera pa envelopuyo asanafune. Pakona panali chidindo cha ofesi ya maphunziro. Pakati panalembedwa kuti kalatayo ndi ya kholo la mtsikana wa Fomu 3, ndipo dzina la mtsikanayo linali lake lenileni. M'munsi mwake wina analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti yankho lifike lisanadutse Lachisanu pa 14. Lachisanu limenelo linali la sabata yamawa. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi okha, ndipo bambo ake anali atangomuletsa kuwawerengera.

Bambo ake anagwira pensulo ngati chipangizo chachilendo, ndipo anamwetulira mwamanyazi.

"Tiyambire pati, aphunzitsi?"